Lero Tapasula Khola la Khirisimasi

Lolemba, 12 Januwale 2026

Dzulo pa zolengeza a katekisiti anati ntchito yopasula khola la Khirisimasi, kanyumba koonetsa kubadwa kwa Yesu kamene timamanga m'tchalitchi, yagwera mphakati wathu, gulu lathu laling'ono la Akatolika oyandikana nyumba, ndipo tifike lero 9 koloko ndi matsache, makatoni ndi nsalu zakutha. Dzulolo linali tsiku la Ubatizo wa Ambuye, kutanthauza kuti nyengo ya Khirisimasi yatsekedwa. Kuyambira lero tili m'nyengo ya pachaka, ndipo Lamulungu likudzali abambo atulukira m'chovala chobiriwira.

Ndinalawirira kaye kumunda, chifukwa mvula ya usiku yafewetsa nthaka ndipo udzu sukudikira munthu. Nditabwerako ndinasamba, n'kusenza makatoni ulendo wa kutchalitchi. Pa mjigo ndinakumana ndi mlamu wanga akutunga madzi.

"Mlamu, makatoniwo akupita kuti m'mawa uno? Mwayamba geni?"

Nditawauza kuti tikukachotsa zokongoletsa za Khirisimasi, anatula ndowa n'kugwira m'chiuno. "Khirisimasi mpaka lero? Ife tinaiwala kalekale. Mpunga unatha tsiku lomwelo, pa 26 tinali kale pa nsima ya chisoso."

Tinaseka, koma mawu awowo ndinayenda nawo njira yonse, chifukwa akunena zimene anthu ambiri amaganiza, ngakhale Akatolika anzanga. Kwa ambiri Khirisimasi ndi tsiku limodzi: mpunga, nkhuku, Fanta, ana avale zatsopano, madzulo gule, basi. Tikawonjezera ndi pa 26 poti ndi tchuthi. M'masitolo a m'tauni ndiye zinatembenuka kale. Mitengo yapulasitiki ndi magetsi othwanima amaziika mu Novembala, Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi, isanayambe n'komwe, ndipo chaka chatsopano chikangolowa pamalo pomwepo pamakhala makope, mayunifolomu ndi nsapato za sukulu. Amalonda sindikuwadzudzula, akutsata kumene kuli ndalama. Chimene chimandipweteka n'chakuti ife a mumpingo tayamba kuwerenga masiku motsata sitolo. Timasangalala mwana asanabadwe, ndipo akabadwa timakhala titatopa kale, matumba ali mbee. Masabata anayi a Adiventi, amene chaka chatha anayamba pa 30 Novembala, ndi odikira. Chikondwerero chenicheni chimayamba usiku wa pa 24 Disembala, ndipo ulendo uno chinayenera kutifikitsa mpaka dzulo.

Nditafika ndinapeza amayi a pampando atatsegula kale, anyamata awiri a kwaya akuchotsa maliboni ndi zibaluni zophwa pa mizati. Khola lathu limakhala kumanzere kwa guwa. Achinyamata ndi amene analimanga: mizati ya nsungwi, denga la udzu, kumbuyo mapepala a matumba a simenti okwinyidwa ndi kupakidwa dothi ndi makala kuti azioneka ngati miyala ya phanga. Pansi anawaza utuchi, ndipo m'mbali anaika zitini zimene anadzalamo chimanga kuchiyambi kwa Disembala. Pa Khirisimasi chinali chobiriwira bwino, lero chatalika n'kuyamba chikasu. Pamwamba pali nyenyezi ya katoni yokutidwa ndi pepala lonyezimira, ndi timagetsi ta sola timene wina anapereka.

Chuma chenicheni cha kholalo ndi ziboliboli. Akuluakulu amati zinagulidwa ku Mua, kumene kuli malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, pa mishoni ija ya ma White Fathers ya 1902. Amayi Maria ndi mayi wa kuno kwathu, duku kumutu, chitenje m'chiuno. Yosefe Woyera ali ndi nkhope ya bambo wa kumudzi amene wayenda ulendo wautali. Abusa anyamula zibonga ngati anyamata oweta ng'ombe kudambo. Ndimatha kuziyang'ana nthawi yaitali osatopa, ndipo chaka chilichonse zimandiwawa kuti zimakhala poonekera masabata ochepa okha, miyezi ina yonse zili mu katoni.

Tisanakhudze kalikonse, agogo ena a mu mphakati wathu, amene zaka zawo zapitirira 80, anakhala pa benchi ya kutsogolo, ndodo pakati pa miyendo, n'kunena kuti khola lisapasulidwe.

"Ana inu, mayi wongochira kumene simumusasulira denga. Ife tikukula, khola linkakhala mpaka tsiku la makandulo. Mwathamangira chiyani?"

Amayi a pampando anayankha mwaulemu kuti, "Agogo, ife tangotumidwa. Analengeza dzulo, inunso munalipo." Agogo anati analipo ndithu, ndipo n'chifukwa chake alawirira. Ntchito inaima. Anatuma mwana kukaitana a katekisiti, amene nyumba yawo ili kuseri kwa tchalitchi, ndipo anabwera ndi kabuku kawo ka kalendala ya mapemphero, kamene makona ake anapindika kale.

Ndinakondwera ndi mmene anayankhira. Sanawatsutse agogo. Anayamba n'kuvomera kuti tsiku limene akunenalo lilipo ndipo ndi lalikulu: pa 2 Febuluwale, Kuperekedwa kwa Ambuye m'Kachisi, pamene timadalitsa makandulo. Ukawerenga kuchokera pa 25 Disembala, tsikulo ndi la 40. Anatsegula Levitiko mutu 12, pamene Chilamulo cha Mose chimati mayi akabala mwana wamwamuna akhale masiku 7, mwanayo aumbalidwe tsiku la 8, mayiyo akhalenso masiku 33, kenaka apite ndi nsembe. N'zimene Luka akusimba m'mutu 2, Maria ndi Yosefe atapita ndi mwana ku Yerusalemu n'kukumana ndi nkhalamba ziwiri zija, Simeoni ndi Anna. Anati m'maiko ena, monga ku Poland, mabanja ndi matchalitchi ambiri amasungadi khola mpaka tsiku limenelo, ndiye zimene agogo akukumbuka si zopeka.

Kenaka anafotokoza kuti kalendala imene Mpingo ukutsata tsopano, imene Papa Paulo wa Chisanu ndi Chimodzi anavomereza mu 1969, imanena momveka kuti nyengo ya Khirisimasi imayamba madzulo a pa 24 Disembala n'kutha pa Ubatizo wa Ambuye. Anatiwerengera zimene zili mkati mwake, ndipo ndinaona amayi ena akudabwa kuti masiku amene tinali kalikiliki ndi kupalira anali odzaza chotere. Pa 26 ndi Stefano Woyera, woyamba kufera chikhulupiriro. Pa 27 Yohane Mtumwi. Pa 28 timakumbukira ana osalakwa amene Herode anapha, ngakhale ulendo uno tsikulo linagwa Lamulungu ndiye tinachita chaka cha Banja Loyera. Pa 1 Januwale, pamene ena amakhala akugona chifukwa chochezera usiku, ndi chaka cha Maria Amayi a Mulungu, tsiku la 8 chibadwire mwanayo. Epifania, chaka chokumbukira kubwera kwa anzeru a kum'mawa, tsiku lake lenileni ndi 6 Januwale, koma kumene si tchuthi amaisunthira Lamulungu la pakati pa 2 ndi 8 Januwale, n'chifukwa chake ife tinaika anzeru a kum'mawa m'khola pa 4. Ubatizo umabwera Lamulungu lotsatira. Koma Epifania ikagwa pa 7 kapena pa 8, Ubatizo umachitika mawa lake Lolemba, monga zinachitikira mu 2024 pamene nyengo yonse inatha pa 8 Januwale. Ndiye kutalika kwa Khirisimasi kumasinthasintha. Chaka chino tapatsidwa masiku 18 kuwerengera pa 25 Disembala.

Mnyamata wina wa kwaya anafunsa kuti nanga ku Roma amachotsa liti. A katekisiti anati pa bwalo la Petro Woyera, pamene mwambo woika mtengo waukulu ndi khola unayamba mu 1982 nthawi ya Papa Yohane Paulo Wachiwiri, zaka zino amazisiya mpaka pa Ubatizo wa Ambuye. Koma anawonjezera mawu amene anandigwira mtima: kalendala imanena za nyengo ya mapemphero, mtundu wa zovala za wansembe ndi mawerengo a pa Misa, koma tsiku lopasula khola ndi nkhani ya chizolowezi cha pamalo. Pa tchalitchi pano khonsolo inagwirizana za Lolemba lotsatira Ubatizo, ndipo iwo sangasinthe okha. Kunyumba kwa munthu aliyense ali ndi ufulu.

Agogo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Chabwino aphunzitsi, pasulani. Koma mwanayo ndimunyamula ndine." Palibe amene anatsutsa.

Ine mumtima ndinali mbali ya agogo, ndipo mpaka pano ndili komweko. Chifukwa changa si chakuti zakale zonse n'zabwino. Ndi vesi imodzi imene a katekisiti anawerenga mothamanga, Levitiko 12:8. Nsembe yoyenera inali mwana wa nkhosa pamodzi ndi njiwa kapena unda. Koma mayi amene sangakwanitse nkhosa ankaloledwa kubweretsa njiwa ziwiri kapena maunda awiri. Ndipo Luka 2:24 akutiuza kuti Maria ndi Yosefe anapereka mbalame ziwirizo. Anapereka nsembe ya anthu osauka. Taonani tsono mwezi umene tili. Januwale kwathu kuno ndi mwezi umene nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chakwera mtengo pamsika, fizi ikufunika, feteleza wobereketsa akufunika, anthu akuthamangira maganyu kusiya minda yawo, malungo ali pakhomo ndi pakhomo. Pa 25 Disembala pafupifupi aliyense amayesetsa kuti pakhomo pamveke fungo la mafuta, ngakhale pa ngongole. Tsiku limenelo munthu savutika kukhulupirira kuti Mulungu ali nafe. Kumavuta ndi kumapeto kwa Januwale, ufa ukatsala wa phala lokha. Nthawi imeneyo ndi imene ndikanakonda kuti mayi wolowa m'tchalitchi ndi mwana wodwala kumbuyo aone banja lija lili pa utuchi pansi pa denga la udzu, banja limene linalephera kugula nkhosa. Ife timalichotsa pamene likuyamba kufunika kwambiri.

Ndikudziwa zimene a khonsolo anganene, ndipo si zopanda nzeru. Udzu ukakhalitsa m'tchalitchi nthawi ya mvula umachita nkhungu. Chiswe sichichedwa, ndipo lero tapezadi mzati umodzi wa nsungwi utadyedwa kunsi, dothi la chiswe litatsala pang'ono kufika pa phazi la m'busa mmodzi. Malo amene khola limatenga ndi amene ana a Tilitonse, gulu la ana a mumpingo, amakhala. Komanso chaka chino Lachitatu la Phulusa ndi pa 18 Febuluwale, ndiye khola likanakhala mpaka pa 2, pakanatsala masabata awiri okha kuti tilowe Lenti, nyengo yokonzekera Pasaka. Zonsezi ndikuzimva. Koma mavuto a chiswe ali ndi mankhwala ake: kuika njerwa pansi pa mizati, kapena kuchotsa denga ndi zitini n'kusiya ziboliboli zitatu zokha pa tebulo laling'ono. Ndinanena maganizo amenewa pamaso pa onse, ndipo amayi a pampando anati ndikawatule ku msonkhano wa mphakati kuti apite ku khonsolo mwadongosolo. Ndidzatero.

Ntchito yeniyeni sinatenge nthawi. Anyamata anatsitsa nyenyezi ndi timagetsi, n'kukulunga waya pa chitsononkho kuti asapotane. Udzu ndi mapepala a simenti tinakatentha kuseri, nsungwi zabwino tinazimanga mtolo kuti zidzagwire ntchito pa chisakasa cha Lachisanu Loyera. Chimanga cha m'zitini ana anachilimbirana, akuti akachiwokera kwawo, ngakhale tinawauza kuti chakulira mothinana ndipo sichingabereke. Ziboliboli tinazipukuta chimodzichimodzi ndi nsalu youma, kenaka kansalu kodontheza mafuta pang'ono, n'kukulunga chilichonse m'chitenje chakechake. Ngamira ya anzeru a kum'mawa mwendo wake unathyoka kalekale ndipo unamatidwa ndi guluu, ndiye imafuna dzanja lofatsa. M'makatoni tinathiramo masamba ouma a nimu poopa tizilombo.

Agogo ananyamula mwana Yesu monga ananenera. Anamupukuta ndi nsonga ya chitenje chawo chomwe anavala, anamukulunga m'kansalu koyera kamene anabwera nako m'thumba, ndipo asanamuike mu katoni anayambitsa nyimbo ya Khirisimasi, ife n'kulandira. Anyamata amene anali panja akutentha udzu analowa n'kuthira mawu a besi. Anthu odutsa pamsewu ayenera kuti anadabwa kumva nyimbo yotere pa 12 Januwale dzuwa lili pamutu, koma ine pamenepa m'pamene ndinamva kuti nyengoyi taitsekadi mwaulemu.

Patsogolo pa khola pamakhala kadengu kamene anthu, makamaka ana, amaponyamo kangachepe akabwera kudzagwada. Msungichuma anawerenga pamaso pa tonse n'kulemba m'buku. Zambiri zinali ma K50 ndi ma K100 opindidwa mpaka kufewa. Panalinso mazira awiri ndi kathumba ka mtedza zimene wina anasiya dzulo. Tinagwirizana kupempha khonsolo kuti zimenezi zipite kwa mtsikana wina wa m'mudzi wapafupi amene wachira sabata ya Khirisimasi yomweyi ndipo alibe womuthandiza. A katekisiti anati akalankhula ndi a pampando a tchalitchi madzulo ano. Mazira ndi mtedza sitinadikire nazo chilolezo, amayi awiri anapita nazo pobwerera.

Masana nditadya ndinatumiza zithunzi pa WhatsApp kwa mng'ono wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku England. Anayankha msanga kuti kumeneko zinatha kale. Akuti pa nyumba imene amagwira ntchito anachotsa zonse pa 5 Januwale, ndipo gogo wina wachizungu anaumirira kuti pasatsale ngakhale riboni imodzi, chifukwa kwawoko amakhulupirira kuti zokongoletsa zikapitirira usiku wa 12 kuchokera pa Khirisimasi zimabweretsa tsoka. Ena amawerenga kuti usikuwo ndi wa pa 5, ena pa 6, malingana ndi tsiku limene ayambira. Ngakhale mtengo waukulu wa pa Trafalgar Square ku London, umene mzinda wa Oslo umatumiza chaka chilichonse kuyambira 1947 pothokoza thandizo la pa nkhondo yachiwiri, umatsitsidwa masiku omwewo. Masiku 12 amenewa si achizungu cha dzulo ayi, msonkhano wa maepiskopi ku Tours m'chaka cha 567 unanena kale kuti masiku a pakati pa Khirisimasi ndi Epifania ndi achikondwerero. Koma za tsokazo ine sindizilandira, ndipo ndinamuuza mng'ono wangayo kuti asazitengere. Chinthu chokumbutsa kubadwa kwa Mpulumutsi sichingasanduke choopsa chifukwa chagona tsiku limodzi loonjezera. Tili nazo kale zoopa zambiri, sitikufunika kuitanitsa zina.

Iye anandiuzanso kuti mnzake wa kuntchito, wa ku Ethiopia, anapempha tchuthi pa 7 Januwale chifukwa ndi tsiku limene iwo amachita Khirisimasi, imene amaitcha Genna, ndipo chaka chawo chachikulu cha Ubatizo, Timkat, chikubwera pa 19. Ndiye pamene ife timakulunga ziboliboli lero, abale athu a mu Africa momwe muno ali pakatikati pa chikondwerero. Ndinawauza ana anga zimenezi pa chakudya cha madzulo, ndipo wamng'ono anafunsa ngati tingasamukire kumeneko kuti tidyenso mpunga.

Kunyumba kuno zokongoletsa si zambiri. Pali maliboni amene ana anapachika kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya, makadi akale amene timaika pa chingwe, ndi kakhola kakang'ono ka dongo kamene mwana wanga wamkulu anaumba ali ku pulayimale, ng'ombe yake yofanana ndi mbuzi. Bambo a kunyumba anafunsa kuti, "Mayi, poti kutchalitchi mwapasula, kunonso tichotse?" Ndinati maliboni ndi makadi atsike lero, nyengo yatha ndipo ndikufuna ana adziwe kuti kalendala ya Mpingo ili ndi polekezera. Koma kakhola kakhala pa kabati mpaka pa 2 Febuluwale. Anzeru a kum'mawa tawachotsamo, poti Mateyo akuti anabwerera kwawo podzera njira ina, abusanso tawachotsa. Tasiya mayi, bambo ndi mwana. Mwana wanga wamkulu walonjeza kuumba njiwa ziwiri Loweruka kuti tidzaziike pamenepo tsiku la makandulo lisanafike, ndipo ndamuuza akatape dongo la kudambo la kumunsi, chifukwa la pachulu limang'aluka likauma.

Ndadutsanso kwa agogo aja chakumadzulo kukawasiyira ndiwo. Ndawauza za kakhola ka kunyumba ndi zoti nkhani yawo ndikaitula ku mphakati. Anati ndikadzaima kuyankhula ndisadzaiwale kunena kuti mawuwo anayamba ndi iwo, ndipo ngati miyendo idzalole adzabwera okha kudzandithandiza. Makatoni a ziboliboli tawasiya mu sakristiya pamwamba pa tebulo poopa chinyezi. Anyamata adzawakweza kudenga Lachinayi pa 15, poti ndi tchuthi cha John Chilembwe ndipo onse adzakhala ali pakhomo. Mawa ndilawirira kukathira feteleza wachiwiri kumunda wa kumtunda, mvula ikapanda kugwa yamphamvu usiku uno.